Mnzanga wa kuntchito amavala nyundo ya Thor: kodi ndi za makolo ngati zathuzi?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku England. Ndaifupikitsa, koma mfundo zake ndi izi:

"Pali mnyamata wachizungu amene timagwira naye shifiti ya usiku. Amavala kanyundo kachitsulo m'khosi. Nditamufunsa anati ndi nyundo ya Thor, ndipo iyeyo amapembedza milungu ya makolo ake, Odin, Thor ndi Freyja. Amati moyo wamakono wapha anthu mumtima, n'chifukwa chake agogo amene timawasamalirawa akufera m'manja mwa alendo. Amati ife a ku Africa tiyenera kumumvetsa chifukwa kwathu kuli mizimu ya makolo. Koma ena andichenjeza kuti ovala zimenezi ndi atsankho. Kodi zakezi n'zofanana ndi zathu? Ndizimuopa?"

Achemwali, zikomo chifukwa chondikhulupirira ndi funso limeneli. Ndiyankha motalikirapo, chifukwa mwaika zinthu zitatu m'thumba limodzi: milungu yake, dandaulo lake la moyo wamakono, ndi chenjezo la tsankho.

Milungu imene akutchulayo ndi yakaledi, sanaipeke yekha. Mafuko amene masiku ano timawadziwa ngati Angelezi, Ajeremani, Adatchi ndi anthu a ku Scandinavia ankaipembedza Chikhristu chisanawafike. Mayina ake mumawatchula tsiku lililonse osadziwa. Ife timangowerenga masiku kuti Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu, pamene Tuesday ndi tsiku la Tiw, Wednesday ndi la Woden amene kumpoto ankamutcha Odin, Thursday ndi la mulungu wa mabingu, Thor mwini nyundoyo, ndipo Friday ndi la Frigg. Tinyundo tovala m'khosi ngati kakeko akatswiri ofukula zakale atipeza tambirimbiri m'manda a nthawi ya ma Viking, ankhondo ndi amalonda apanyanja akale a ku Scandinavia.

Vuto lili pa mmene timadziwira za chipembedzochi. Eni akewo sanasiye buku lofotokoza zimene ankakhulupirira. Anali ndi zilembo zawo zotchedwa rune, koma ankangozigoba mawu ochepa pamiyala, pamitengo ndi pazida. Amene analemba zambiri ndi anthu akunja kwa chipembedzocho. Tacitus anali Mroma, ndipo analemba cha m'chaka cha 98 kuti mafukowa sankatsekera milungu yawo m'nyumba koma ankaipembedza m'misitu yopatulika. Adam wa ku Bremen anali munthu wa tchalitchi, ndipo m'zaka za m'ma 1070 analemba zongomva kwa ena za kachisi wa ku Uppsala, kumene ankati zaka zisanu ndi zinayi zilizonse ankapachika nyama ndi anthu m'mitengo ngati nsembe. Nthano zotchuka za Odin ndi Thor zambiri tinazilandira kwa Snorri Sturluson wa ku Iceland, amene analemba buku lake lotchedwa Edda cha m'ma 1220. Snorri anali Mkhristu, dziko lake linali litatembenuka zaka zoposa 200 m'mbuyomo, ndipo cholinga chake chinali kuphunzitsa alakatuli achinyamata chinenero cha ndakatulo zakale.

Chipembedzochi sichinafe imfa yabwino, ndipo mnzanuyo akamanena zimenezi ndi ululu musamutsutse. Cha m'ma 723 mmishonale Boniface anagwetsa mtengo wathundu wopatulika wa Donar, dzina la Thor ku Germany, pafupi ndi Geismar, eni ake akuonerera, n'kutenga matabwa ake kumangira kanyumba kopemphereramo. Mu 772 Charlemagne, mfumu yachikhristu ya Afulanki, inagumula Irminsul, chipilala chopatulika cha Asakisoni, fuko la ku Germany lopembedza milungu yakale. Mu 782 ku Verden, mabuku a mbiri ya Afulanki amati Asakisoni 4,500 anadulidwa mitu. Lamulo la Charlemagne linali loti wokana ubatizo aphedwe, wotentha mtembo mwa mwambo wakale aphedwenso.

Nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya Radbod, mfumu ya ku Frisia imene inamwalira mu 719. Amonke amene anaisunga nkhaniyi amati mfumuyi inali itavomera kubatizidwa, phazi limodzi lili kale m'madzi. Kenaka inafunsa wansembe kuti, nanga makolo anga, mafumu amene anafa osabatizidwa, ali kuti? Wansembe anayankha kuti ali kumoto. Radbod anatulutsa phazi lija, nati kuli bwino akakhale ndi makolo ake kusiyana n'kukakhala kumwamba pakati pa anthu osawadziwa. Achemwali, ndani wa ife amene sanamvepo funso limeneli pakhomo? Ine ndinalimva kwa amalume anga pa maliro, akufunsa abusa za agogo awo amene anamwalira mishoni isanafike kumudzi kwathu.

Ku Iceland zinayenda mwina. Cha m'chaka cha 1000 anthu anagawikana pabwalo lalikulu la Althing, ndipo nkhondo inali pafupi. Mbali zonse zinapereka mlandu m'manja mwa Thorgeir, mkulu wa malamulo, yemwe ankapembedza milungu yakale. Anakagona pansi n'kudzifunda chofunda chake usana wonse ndi usiku wonse osalankhula ndi munthu. Atadzuka anagamula kuti dziko likhale ndi lamulo limodzi ndi chipembedzo chimodzi, onse abatizidwe, koma wofuna kupereka nsembe mobisa kunyumba kwake apereke, ndipo nyama ya hatchi azidyabe. Patapita zaka zochepa zololedwazo zinathetsedwanso.

Tsopano funso lanu loyamba. Kufanana kulipo, koma sikuli pa Odin ndi Thor ayi. Kuli pa zinthu za pakhomo zimene sizitchuka m'mafilimu. Anthuwa ankaika akufa awo m'mitumbira ikuluikulu pafupi ndi minda, n'kumakhulupirira kuti wakufayo akukhalabe mmenemo ndipo akuyang'anira banja. Ankakhulupirira kuti nthaka ili ndi mizimu yake, landvættir, mwakuti lamulo lakale la ku Iceland linkati zombo zichotse mitu yoopsa yosemedwa kutsogolo kwake zisanayandikire gombe, kuopa kuiwopseza. Nsembe ankaitcha blót. Cha m'ma 1019 mlakatuli Sigvatr, Mkhristu wotumidwa ndi mfumu Olaf ya ku Norway, anayenda ulendo wa ku Sweden, ndipo usiku wina anakanizidwa malo ogona khomo ndi khomo. Mayi wina anamubweza ali pakhomo pomwe, chifukwa m'nyumbamo ankachita álfablót, nsembe ya banja imene mlendo sankaloledwa kuiona. Izi ife sitingazidabwe. Nsembe ya pamtundu saitanira wodutsa m'njira.

Kusiyana kwake ndi uku. Ndili mwana, chaka china mvula itachedwa, ndinaona agogo anga aakazi atagwada pansi pa mtengo kuseri kwa mudzi, lichero la ufa lili pambali. Ankatapa ufa ndi zala n'kumauthira pang'onopang'ono mpaka unapanga kamulu, uku akutchula mayina a anthu, mmodzimmodzi: amayi awo, agogo awo, amalume amene anapita ku migodi osabwerako. Sanawerenge zimenezi m'buku. Anaziona kwa amayi awo, ndipo anthu amene ankawatchulawo ena anadya nawo nsima m'mbale imodzi. Kwathu Chikhristu chakhazikika posachedwapa: Livingstonia inayamba mu 1875, Blantyre mu 1876, Mua mu 1902. Ku Khulubvi ku Nsanje kachisi wa Mbona alipobe ndi omusunga ake, ndipo Gule Wamkulu akuvinidwabe, mpaka UNESCO inamuzindikira mu 2005. Kwa mnzanuyo chingwe chinaduka kalekale. Angelezi anatembenuka m'zaka za m'ma 600, kotero pakati pa iye ndi kholo lake lomaliza lopereka nsembe kwa Woden pali zaka pafupifupi 1,300 za makolo achikhristu. Amenewonso ndi makolo ake. Chimene iye ali nacho ndi nyumba yomangidwanso pa bwinja, ndi njerwa zotola m'mabuku a Akhristu omwewo. Sindikunena izi momunyoza. Munthu amene akufunafuna makolo ake pa bwinja ndimamumvera chisoni kwambiri kuposa amene sakuwafuna n'komwe.

Za moyo wamakono, mnyamatayo si woyamba kudandaula. Anzeru a ku Germany anadandaula kale: mu 1887 Ferdinand Tönnies anasiyanitsa Gemeinschaft, kukhala kwa pachibale ndi pamudzi, ndi Gesellschaft, kukhala kwa m'mizinda kumene anthu amalumikizana chifukwa cha malonda ndi mapangano. Mu 1917 ku Munich, Max Weber anakamba za Entzauberung, kutanthauza kuti dziko lavulidwa zinsinsi zake, chilichonse changosanduka chowerengeka ndi choyezeka, mtengo ndi matabwa basi, mtsinje ndi magetsi basi. Nietzsche anali atalengeza kale mu 1882 kuti Mulungu wafa m'mitima ya anthu a ku Ulaya, ndipo ankaona kuti dzenje lotsalalo ndi lalikulu. Inu achemwali mukuziona ndi maso usiku uliwonse: gogo wa zaka 90 amene ana ake amabwera pa Khirisimasi pokha, zithunzi zili pakhoma, belu loitanira lili m'manja. Kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tianthu. Pamenepa mnzanuyo akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake mawu ake anakulowani.

Koma dandaulo loona likhoza kukupititsa kwa sing'anga wolakwika. Gogo yemweyo wafika zaka 90 chifukwa cha mankhwala ndi zipatala za moyo wamakono womwewo. Ndipo dziko lakale limene amalilakalakalo linali ndi akapolo. Tacitus yemwe uja amati akapolo otsuka ngolo ya mulungu wamkazi Nerthus ankamizidwa m'nyanja akamaliza ntchito. Pa chigamulo cha Thorgeir chija, chimodzi mwa zinthu zimene anthu analoledwa kupitiriza chinali kutaya makanda osafunidwa kuthengo. Wokonda zakale moona ayenera kuzinena zimenezi ndi pakamwa pake, monga ifenso sitibisa kuti kwathu mwavi unapha anthu osalakwa.

Chenjezo limene anzanu akupatsani lili ndi pochokera. Jacob Grimm atasindikiza buku lake la nthano za milungu yachijeremani mu 1835, ndiponso wopeka nyimbo Wagner ataonetsa masewero ake oyimba a Ring ku Bayreuth mu 1876, milungu yakale inabwerera m'maganizo a Ajeremani pa nthawi imene ankafunafuna chowagwirizanitsa ngati mtundu. Anthu ngati Guido von List wa ku Vienna anaisakaniza ndi chiphunzitso cha magazi oyera. Heinrich Himmler, mmodzi wa akuluakulu a Hitler, anakhazikitsa bungwe la Ahnenerbe mu 1935 kuti lifufuze cholowa cha makolo mogwirizana ndi zofuna za chipani cha Nazi, ndipo chizindikiro cha asilikali ake a SS chinali zilembo ziwiri za rune. Anazi ambiri sanali opembedza Odin, koma zizindikirozo anazidetsa. Julius Evola mu 1934 ndi Alain de Benoist mu 1981 analemba mabuku odzudzula moyo wamakono amene achinyamata atsankho akugawanabe pa intaneti. Njira yake imakhala imodzi: amayamba ndi kulira kuti anthu asungulumwa, n'kumaliza ndi kuloza mlendo kuti ndiye wawononga mudzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mlendo amene amamulozayo ndi inuyo, amene mukusintha matewera a agogo awo pakati pa usiku.

Si onse ali choncho. Ku Iceland bungwe la Ásatrúarfélagið linayamba mu 1972, boma n'kulivomereza mu 1973, ndipo mtsogoleri wake woyamba anali Sveinbjörn Beinteinsson, mlimi woweta nkhosa komanso mlakatuli. Lero lili ndi mamembala oposa 5,000, limamangitsa maukwati, limaika maliro, silipha nyama pa nsembe, ndipo limalandira munthu wa khungu lililonse. Chifukwa cha zimenezi atsogoleri ake akhala akulandira makalata achipongwe kuchokera kwa atsankho a kunja. Pakati pa opembedzawa pali mawu awiri amene muwamve bwino. Amene amadzitcha folkish amati milunguyi ndi ya obadwa m'magazi a kumpoto kwa Ulaya okha. Amene amadzitcha inclusive kapena universalist amati khomo ndi lotseguka. Mu 2016 magulu ambiri a mbali yachiwiriyi anasaina chikalata chotchedwa Declaration 127, chokana bungwe la ku America la Asatru Folk Assembly chifukwa cha tsankho.

Ndiye kanyundo kokha sikangakuuzeni kuti mnyamatayo ndi wotani. Usiku wina ntchito ikachepa, muli pa tiyi, mufunseni zinthu ziwiri mwaulemu. Choyamba, kodi mwana wanu wobadwira ku England atafuna kupita nawo ku blót yawo angamulandire? Akayankha msanga kuti inde, mtima ukhale pansi. Akayamba kuzungulira kuti mtundu uliwonse uli ndi milungu yake ndipo ndi bwino aliyense akhale kwawo, mwamva zokwanira. Gwirani naye ntchito mwaulemu koma nkhani za m'nyumba mwanu musamuululire, ndipo akakulankhulani zonyoza kanenani kwa akuluakulu a pantchitopo. Mawu aja akuti inu a ku Africa mukundimvetsa amatuluka m'kamwa mwa onse awiri, wokoma mtima ndi watsankho yemwe, n'chifukwa chake funsoli ndi lofunika.

Chachiwiri, mufunseni mayina a agogo a agogo ake, ndi kumene anaikidwa. Mwina mupeza kuti ali m'manda a tchalitchi china chakumudzi, ulendo wa ola limodzi pa basi, ndipo sanapiteko. Muuzeni mmene ife timachitira, kuti timapita ndi makasu kukalambula, timatchula mayina, timauza ana kuti apa pagona uje, anali wotere. Ngati ali ndi agogo amoyo, mufunseni kuti anawaona liti komaliza. Mudzandilemberenso zimene adzayankhe.