Mafunso Anu: Kamfundo Kowawa Pakati pa Mapewa

FUNSO: Alangizi, ndili ndi zaka 24 ndipo ndimanyamula zitsulo kasanu pa sabata. Zitsulo zathu n'zoumba tokha, simenti ya m'zitini za penti. Papita milungu 3 ndikumva kamfundo kolimba ngati nsawawa pakati pa msana ndi phewa lamanja, ndipo ndikatembenuza khosi kamabaya. Anzanga akuti andipondeponde pamsana, agogo akuti anditeme mphini. Nditani? Mnyamata wa pa Dedza boma.

YANKHO: Achimwene, zonse ziwirizo musalole. Kupondedwa kungakuthyoleni nthiti, ndipo lumo lingokusiyirani chilonda, mwinanso matenda ngati lagwiritsidwa kale ntchito pa munthu wina. Kamfundoko si magazi oundana ayi. Ndi kachigawo ka mnofu komwe kakungika chifukwa chotopa, n'kukana kumasuka. Pamalo mwatchulapo pali minofu yosanjikizana: trapezius pamwamba, rhomboid pansi pake, ndi levator scapulae yochokera m'khosi kukagwira fupa la phewa. Yomalizayi ndi imene imawawa munthu akacheuka.

Yambani ndi kuthowa. Viikani thaulo m'madzi otentha oti dzanja likhoza kupirira, finyani, muike pamalopo mphindi 15. Kwanuko mu June ndi July musamadumphe zimenezi, chifukwa mnofu wozizira umavuta kufewa.

Mukatero tengani mpira wa tenesi, kapena ndimu yaiwisi yolimba, muiike m'sokosi kuti isamagwe. Tsamirani khoma, mpirawo uli pakamfundo penipeni, osati pa mafupa a pakati pa msana. Kanikizani masekondi 30 mpaka 60 mukupuma mwachifatse, kenako kwezani mkono ndi kuutsitsa pang'onopang'ono kasanu. Zonse zisapitirire mphindi 3, m'mawa ndi madzulo. Ambiri amalakwa apa poganiza kuti mfundo imaphwanyidwa ndi mphamvu. Mukaona kuti mwayamba kukukuta mano kapena kubanika, mwaonjeza. Mnofu umadziteteza pokungika kwambiri, ndipo mawa lake mudzadzuka patatupa.

Powongola, khalani pampando, dzanja lamanja ligwire kunsi kwa mpandowo. Weramitsani mutu ngati mukuyang'ana m'khwapa lamanzere, mukhale choncho masekondi 30, katatu. Chifuwanso chiwongoleni: imani pakhomo, mikono itsamire mafelemu, musunthire kutsogolo pang'ono.

Koma gwero la vutoli lili pomwe mumanyamulirapo. Choyamba, kayezeni zitini ziwirizo pa sikelo. Zitsulo zoumba pamanja sizilingana kawirikawiri, ndipo mbali ina ikamalemera kuposa inzake ndi kilogalamu imodzi yokha, phewa limodzi limasenza ngongole ya linzake tsiku ndi tsiku. Chachiwiri, anyamata ambiri amakonda zokankha zokhazokha, benchi (kukankha chitsulo munthu atagona chagada) ndi mapushapu, poti chifuwa ndicho chimaoneka pagalasi. Chifuwa chikalimba kuposa msana, mapewa amakokedwera kutsogolo ndipo minofu yakumbuyo imakhala yokokeka nthawi zonse. Pa seti iliyonse yokankha muzichitanso ina yokoka: weramani msana uli wowongoka, kokerani chitsulo kumimba maulendo 12, mukuima masekondi 2 mapewa atafinyana kumbuyo, maseti 3. Chubu chakale cha njinga chimathandizanso. Chigwireni kutsogolo, mikono yotambasula, muchikoke mpaka chikhudze chifuwa, maulendo 15.

Sabata ino chepetsani kulemera ndi theka ndipo musakweze kalikonse pamwamba pa mutu. Mukaona mapewa akukwera kumakutu ponyamula, chitsulocho chakukulirani. Minofu yomwe mwaigwiritsa ntchito lero ipume maola 48, ndipo musanayambe muzitenthetsa thupi mphindi 10.

Zikapanda kusintha pakatha milungu 2, pitani ku chipatala cha boma cha Dedza. Musadikire n'komwe ngati mkono ukuchita dzanzi kapena kufooka, ngati ululu ukufika pachifuwa ndipo mukupuma movutikira, kapena mkodzo wada ngati tiyi mutanyamula kwambiri. Chimodzimodzi ngati mukutuluka thukuta usiku, mukuwonda kapena mwakhala mukutsokomola, chifukwa TB imagwiranso mafupa a msana.

FUNSO: Kodi mankhwala opaka otentha aja amachotsa mfundo? Nanga ndingamwe Brufen ndisanapite kokanyamula? Mayi wa ku Tsangano, Ntcheu.

YANKHO: Mayi, opakawo amangotenthetsa khungu n'kuphimba ululu kwa kanthawi, chimene chimathandiza kwambiri ndi kutikita komwe mumachita popaka. Mukapaka musathowenso pomwepo, khungu lingapse. Za Brufen, musamwe n'cholinga choti mukanyamule, chifukwa mudzavulaza mnofu osamva. Ululu ukakusowetsani tulo imwani Panado motsatira zolembedwa papaketi. Brufen amamwedwa munthu atadya, masiku ochepa okha, ndipo ngati muli ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena ndinu oyembekezera, musamukhudze musanafunse adokotala.