Musanabwereke ndalama za timabogi ta sitima, werengani kaye maola anu

Kalata ya sabata ino yachokera ku Mchinji, kwa mnyamata wa zaka 26 amene amagwira ntchito ya ukalipentala pa Kamwendo. Ndaifupikitsa, koma mfundo zake ndi izi:

"Ndimapanga timabogi ta sitima yapamtunda ndi tianthu toima pa siteshoni, pogwiritsa ntchito zidutswa za matabwa, zitini ndi mawaya. Kabogi kamodzi kamanditengera maola 14, madzulo ndikaweruka. Zipangizo zimadya K6,000 ndipo ndagulitsa kale tisanu, kamodzi pa K15,000. Pa intaneti ndaona tianthu topangapanga ta ku Germany ndi penti yapadera. Ndikufuna kubwereka K400,000 ku banki m'khonde ya amayi anga kuti ndiitanitse zimenezi. Chiwongola dzanja ndi 20 peresenti pa mwezi. Pa ukalipentala ndimapeza pafupifupi K8,000 pa tsiku. Kodi nditenge ngongoleyi?"

Achimwene, zikomo chifukwa cha kalata komanso zithunzi zitatu zomwe mudatumiza. Ndakhala ndikuyang'anitsitsa kabogi konyamula mafuta kaja. Thanki yake ndi chitini cha mankhwala ophera udzudzu, makwerero ndi waya wopyapyala amene mudapinda sitepe imodziimodzi, ndipo pansi pa chivindikiro mudasiya kamzere kakuda kotsetsereka, monga mafuta amachitira akatayikira. Amene adaimapo pafupi ndi njanji akaona kamzereka sangafunse kuti n'chiyani. Luso mulinalo, za izo tisatayepo nthawi.

Koma ngongoleyi musatenge. Chifukwa chake chili m'manambala anu omwe.

Pa K15,000 mukachotsa K6,000 ya zipangizo, mumatsala ndi K9,000. Imeneyi inu mukuitcha phindu, pomwe ndi malipiro a maola 14 amene mudakhala chiweramire pa benchi. Mukaigawa, ola limodzi likukupatsani K640 ndi kakusefukira pang'ono. Masana, pa ukalipentala, K8,000 pa maola asanu ndi atatu ndi K1,000 pa ola. Ndiye kuti ntchito imene ikufuna maso akuthwa ndi dzanja losanjenjemera mukuigulitsa motchipa kuposa kupala thabwa la chitseko. Amisiri ambiri amagwera m'mbuna imeneyi, makamaka amene ntchito yawo idayamba ngati chosangalatsa. Amawerengera guluu ndi penti, koma nthawi yawo amaitenga ngati ya ulere chifukwa palibe amene adawatumizira bilu yake.

Tsopano ikani ngongole pamwamba pake. 20 peresenti ya K400,000 ndi K80,000 mwezi uliwonse, musanayambe n'komwe kubweza mpamba. Pa K9,000 yotsala pa kabogi, mukufunika kupanga ndi kugulitsa timabogi 9 pa mwezi kuti mungolipira chiwongola dzanja chokha. Amenewo ndi maola 126. Ngati mumagwira maola atatu madzulo aliwonse, ndi masiku 42, pomwe mwezi uli ndi masiku 30. Ndipo katundu woitanitsa kunja safika mawa. Milungu imene akhale ali m'njira, chiwongola dzanja chidzakhala chikuwerengedwa, amayi anu akukhala pa mkeka wa gulu sabata ndi sabata anzawo akuwafunsa za ndalama imene sadadye iwo. Ngongole ya m'banki m'khonde ikavuta, amanyamulidwa ndi malata kapena mbuzi za mayi, osati timabogi ta mwana. Izi ndazionapo kangapo, ndipo zimasiya chilonda pa banja chimene sichipola ndi ndalama.

Palinso nkhani ya ndalama zakunja. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Bizinesi yaing'ono imene imagula zipangizo ndi madola kapena mayuro n'kumagulitsa pa kwacha imakhala ikuyenda pa mlatho wa nsungwi. Mtengo umene mukuona pa foni si umene mudzalipire: pali ndalama yotumizira, msonkho wa pa chipata ndi VAT, ndiponso vuto lopeza ndalama zakunjazo.

Koma chachikulu n'chakuti zimene mukufuna kugulazo zingaphe chomwe chikukomeretsa ntchito yanu. Makampani ngati Preiser ndi Noch a ku Germany amapanga tianthu tokongola kwambiri, sindikukana. Ambiri mwa anthu opangapangawo ndi a ku Ulaya, ena ovala majasi a m'nyengo yozizira, ena onyamula masutikesi. Muwaike pa siteshoni ya Mchinji, adzaoneka alendo osochera. Pa chithunzi chanu chachitatu pali kamayi kobereka mwana m'chitenje, beseni la mandasi lili pamutu, ndipo pambali pake wakabaza watsamira njinga. Ameneyo simungamupeze m'katalogi ya ku Germany, ndipo ndi amene kasitomala akulipirira.

Chimene ntchito yanu ikusowa pakadali pano ndi muyeso umodzi, ndipo muyeso sugulidwa. Pa chithunzi chomwecho, wakabaza ndi wamtali kufika padenga la bogi. Anthu okonda sitima zing'onozing'onozi kunja kuno ali ndi miyeso yokhazikika. Wodziwika kwambiri ndi HO, pomwe chinthu chimachepetsedwa ka 87 (amalemba 1:87) ndipo tinjanji timatalikirana mamilimita 16.5. Ku Britain amakonda OO, ya 1:76, pa tinjanji tomweto. Ilipo ina yaing'ono kwambiri yotchedwa N, ya 1:160. Pa HO, munthu wamtali mamita 1.7 amakhala wosakwana masentimita awiri, wofupika kuposa mtengo wa machesi. Kusema nkhope ndi chitenje pa kanthu kotero pa kuwala kwa tochi n'kudzipha maso. Komanso njanji yathu ndi yopapatiza kuposa ya ku Ulaya. Ya kuno, monga ya ku Zambia, Mozambique ndi South Africa, ndi mamilimita 1,067, pomwe yambiri ya ku Ulaya ndi 1,435. N'chifukwa chake ofuna kutsanzira sitima za kuno molondola amagwiritsa ntchito 1:64 pa tinjanji ta 16.5, kapena 1:87 pa tinjanji ta mamilimita 12.

Zonsezo muzidziwe, koma inu ndikukulangizani 1:50. Masamu ake ndi a pamutu: mita imodzi ndi masentimita awiri. Munthu akhala mamilimita 34, wokwanira kumugwira ndi zala n'kumupenta bwino. Tinjanji titalikirana mamilimita 21. Kontena yaitali ija ya mafiti 40, yomwe ndi mamita 12.19, ikhala masentimita 24 ndi theka pafupifupi, ndipo yaifupi ya mafiti 20 ikhala masentimita 12. Kabogi kotere kamakwana bwino pa tebulo la muofesi kapena pa kabati ya pabalaza. Muyeso umenewu ndi umenenso ojambula mapulani a nyumba amagwiritsa ntchito kawirikawiri, kotero tianthu tanu tingapeze msika wachiwiri kwa iwo akamapanga zitsanzo za nyumba zoonetsa makasitomala awo. Dulani kathabwa ka mamilimita 34, mukapachike pa benchi, ndipo kamunthu kalikonse kaziyesedwa pamenepo musanakapente. Za miyeso ya mabogi enieni, pemphani chilolezo kwa akuluakulu a pa siteshoni musanayandikire ndi tepi. Osakwawira pansi pa bogi ngakhale litaima.

Muyeso umodzi ndi umenenso ungadule maola 14 aja. Pano kabogi kalikonse mukukayamba ngati koyamba: kuyeza, kudula, kuyesa, kudulanso. Inu ndinu kalipentala, mukudziwa kuti wopanga mipando khumi ya sukulu sadula mwendo umodziumodzi. Sankhani mitundu iwiri yokha, ka mafuta ndi konyamula kontena, mupange zikombole za thabwa zodulira ndi zopindira waya, ndipo muzipanga tisanu nthawi imodzi. Tsiku lodula muzidula zokhazokha, tsiku lopenta muzipenta zokhazokha. Tianthu nato chimodzimodzi: mafupa a waya khumi pa kamodzi, kenako n'kuwaveka mnofu ndi phala lija omata magalimoto amatsekera mabowo, lomwe limauma msanga ndipo limapalika ndi sandipepala.

Pa kumalizitsa ndi pamene ndikufuna muikepo mtima, chifukwa ndi pamene pali kusiyana kwa chidole cha mwana ndi chinthu chimene munthu wamkulu angatulutsire K30,000. Chitini musanachipente, chikwecheni ndi sandipepala wosalala, muchipukute mafuta a m'manja, ndipo muyambe ndi penti yoyambira ija yotuwa ya m'chitini chopopera, imene imapezeka m'mahadiweya. Popanda imeneyo penti imasupuka ndi chikhadabo, ndipo kasitomala amene zamuchitikira sabweranso. Penti ya pamwamba ikhale yamadzimadzi, mupake kawiri kapena katatu mopyapyala m'malo mopaka kamodzi mochindikala, chifukwa yochindikala imakwirira timizere tonse timene mudavutika nato. Musagwiritse ntchito vanishi wonyezimira wa pa mipando. Bogi lenileni silinyezimira, ndipo munthu wovala malaya owala ngati galasi amaoneka wa pulasitiki. Funani wosawala.

Ndipo penti yapadera ya dzimbiri ndi fumbi imene mwaiona pa intaneti, Mchinji ili nayo kale pansi pa mapazi anu. Tengani dothi lofiira, muliumitse, mulisefe ndi kansalu kopyapyala mpaka likhale ngati ufa woyera wa pa chigayo, ndipo mulipake ndi burashi youma m'munsi mwa bogi ndi pa mateyala, pomwe fumbi limakhala pa sitima yeniyeni. Sitiliwulo wotsukira mapoto mukamunyowetsa n'kumusiya masiku angapo amasanduka dzimbiri lenileni, lomwe mungapere n'kupaka m'makona ndi pa mabawuti. Makala operapera amapereka mwaye. Pomaliza popera vanishi wosawala pang'ono kuti zisachoke. Lamulo ndi limodzi: pakani pang'ono, muime patali, muyang'ane, kenako muwonjezere. Zonsezi sizidya ndalama zambiri.

Tibwerere ku mtengo. Maola 14 pa K1,000 ndi K14,000. Zipangizo K6,000. Onjezani K2,000 ya zinthu zimene zimatha mosaoneka: maburashi, sandipepala, bandulo ya intaneti, thiransipoti. Kabogi kakukudyerani K22,000 musanapindule tambala, kutanthauza kuti pa tisanu mudagulitsa tija mudapereka mphatso ya K35,000 kwa ogula. Mtengo woyambira ukhale K28,000. Zikombole zikatsitsa maola kufika pa 9, musatsitse mtengo. Kabogi kadzakudyerani K17,000 ndipo K11,000 yotsalayo ndiye phindu lenileni, limene mungagulire zida zabwino popanda kugogoda pa khomo la munthu.

Mudzati pa Kamwendo palibe angapereke K28,000. Mwina ndi ochepa, makamaka kunja kwa nyengo yogulitsa mtedza ndi soya. Koma wogula wanu si aliyense wodutsa pa msika. Njanji idafika ku Mchinji mu 1980, kuchokera ku Salima kudzera ku Lilongwe, ndi thandizo la dziko la Canada, ndipo mu 2010 idalumikizidwa mpaka ku Chipata. Pa zaka zonsezi alipo abambo amene adagwira ntchito ya njanji n'kupuma, ndipo ana awo amene ali pa ntchito m'tauni amasowa mphatso yowagulira. Alipo makampani a zamtengatenga ndi othandiza kuombola katundu pa chipata cha Mwami, amene kontena ndiyo chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku. Alipo aphunzitsi ofuna chooneka ndi maso pophunzitsa za mayendedwe. Alendo ochokera ku Lilongwe kupita kukaona nyama ku South Luangwa amadutsa pa msewu wanu womwewo, ndipo malo ogona alendo amakonda kuika zinthu zopangidwa kuno pa shelefu. Tengani timabogi tiwiri tomalizidwa bwino, muike m'kabokosi kolimba, mupite nokha. Dziwaninso kuti ena, makamaka a m'maofesi, adzafuna koyera kopanda dzimbiri, choncho muzinyamula ka mtundu uliwonse. Chizindikiro cha kampani musapente pa kabogi pokhapokha eni ake atakuuzani. Ndipo wogula aliyense muzimuuza kuti si chidole cha ana aang'ono, chifukwa tizidutswa tingalowe m'kamwa.

Akakupatsani oda, landirani theka la ndalama musanadule thabwa. Pa Airtel Money kapena Mpamba uthenga umatsala ngati umboni. Ndikunena izi ndi chisoni cha msuweni wanga wosema ziboliboli, amene ndidamuthandiza ndekha kupeza oda ya zinthu 30 ku ofesi ina. Tidakhulupirira mawu a pakamwa. Bwana amene adaitanitsa adasamutsidwa, wolowa m'malo adati sakudziwapo kanthu, ndipo katoni ya zinthuzo idakhala pansi pa bedi chaka chathunthu, dzina la ofesiyo litasemedwa kale pa chilichonse moti sakadagulitsa kwina. Dipoziti ndiyo ngongole yokhayo imene bizinesi yanu ikufuna pano, ndipo ilibe chiwongola dzanja.

Ntchito ya ukalipentala musaisiye. Gulani kope lililonse lotchipa, ndipo madzulo aliwonse muzilemba nthawi imene mwayamba, imene mwalekeza, ndi chimene mwagula. Pakatha miyezi itatu mundilemberenso ndi manambala a m'kopemo, tidzaone limodzi ngati nthawi yogula kamakina kopopera penti yakwana. Ndipo kabogi ka mafuta kaja, ngati simunakagulitse, mundiuze mtengo wake watsopano.