Katundu woti muzigona mutamuwerenga ndi uti? Yankho kwa mayi wa hadiweya ku Ngabu

Mayi wina amene ali ndi sitolo ya zomangira ndi zaulimi ku Ngabu wandilembera imelo. Mwachidule akuti ali ndi mitundu ya katundu yopitirira 200, mnyamata womuthandiza ndi mmodzi, ndipo kuwerenga sitoko yonse kumawatengera Lamulungu lathunthu. Ngakhale akuvutika chonchi, simenti imawathera pamene makasitomala akuifuna, koma maloko ndi mahinjesi angoti mbwee pa shelefu. Funso lawo ndi loti: katundu woyenera kumuyang'anitsitsa amadziwika bwanji?

Mayi, zikomo polemba. Vuto lanu si ulesi, koma kuti mukupatsa katundu aliyense maso ofanana. Pano ku Ngabu munthu wa ng'ombe zisanu ndi nkhuku makumi anayi amawerenga ng'ombe madzulo alionse polowa m'khola, nkhuku amangoziona m'maso. M'sitolo mumafunikanso zomwezo, ndipo njira yake imatchedwa ABC, chifukwa imagawa katundu m'magulu atatu: A, B ndi C. Maganizo ake anachokera kwa Vilfredo Pareto wa ku Italy, amene anaona kuti chuma chambiri chili m'manja mwa anthu ochepa, ndipo mu 1951 H. Ford Dickie wa kampani ya General Electric anawagwiritsa ntchito posunga katundu. Mitundu yochepa ya katundu ndiyo imadya gawo lalikulu la mpamba wanu.

Chimene tikuyeza ndi ndalama zomwe katundu wamtundu umodzi wadya pa chaka. Mutenge kuchuluka kwa katundu amene watuluka m'miyezi 12, muchulukitse ndi mtengo umene mumapikulira chimodzi. Basi. Si mtengo wa chinthu chimodzi pachokha, si kukula kwa malo amene chatenga, komanso si kuchuluka kwa anthu ochifunsa.

Ngati mulibe kope lolemba zogulitsa tsiku ndi tsiku, musataye mtima. Tengani katundu amene analipo poyamba chaka, muphatikize yense amene munapikula monga akuonekera pa malisiti, muchotsepo amene alipo lero. Yankho lake ndi katundu amene watuluka. Ngati malisiti a chaka chonse palibe, yambani ndi a miyezi isanu ndi umodzi, koma mukumbukire kuti akhoza kukunamizani chifukwa cha nyengo, monga ndifotokozere m'munsimu.

Tiyeni tiyese ndi mitundu khumi. Manambalawa ndi ongoyerekezera kuti masamu aoneke bwino, inu muikemo anu enieni. Simenti matumba 600 pa K25,000 ndi K15,000,000. Malata 400 pa K20,000 ndi K8,000,000. Mankhwala opopera thonje mabotolo 500 pa K6,000 ndi K3,000,000. Misomali makilogalamu 300 pa K5,000 ndi K1,500,000. Penti zitini 40 pa K25,000 ndi K1,000,000. Mapampu othirira awiri pa K300,000 ndi K600,000. Makasu 100 pa K4,000 ndi K400,000. Maloko 60 pa K4,000 ndi K240,000. Mahinjesi 80 pa K2,000 ndi K160,000. Mabulashi a penti 50 pa K2,000 ndi K100,000. Zonse pamodzi ndi K30,000,000.

Mwaona kuti ndazindandalika kuyambira chachikulu kutsikira kwa chaching'ono. Tsopano muziphatikiza kuchokera pamwamba. Simenti yokha yatenga theka la ndalama zonse. Ndi malata zikufika K23,000,000, omwe ndi 77 peresenti. Awiriwa ndiwo gulu A. Mankhwala a thonje, misomali ndi penti pamodzi ndi K5,500,000, kapena kuti 18 peresenti, ndilo gulu B. Mitundu isanu yotsalayo, yomwe ndi theka la mndandanda wonse, yangodya K1,500,000, 5 peresenti chabe. Limenelo ndi gulu C.

Taonani pampu. Ndiye katundu wodula kuposa wina aliyense m'sitolomu, mwina ndi amene mumamuika pafupi ndi kauntala n'kumamupukuta fumbi m'mawa ulionse, koma wagwera mu C chifukwa pa chaka atuluka awiri okha. Chitini cha penti ndi thumba la simenti mtengo ndi umodzi, koma simenti yadya ndalama kuchulukitsa ka 15. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera akamangoyang'ana mtengo wapachinthu.

Malire a magulu si lamulo la boma. Kawirikawiri A amathera pakati pa 70 ndi 80 peresenti ya ndalama, B amafikitsa cha m'ma 95, otsala ndi C. Dulani pamene manambala anu atsika mwadzidzidzi. Pa mitundu yanu 200 mwina mupeza 20 kapena 30 mu A, ndipo imeneyo munthu mmodzi angathe kuiwerenga sitolo isanatsegulidwe. Pa kompyuta kapena pa foni, Excel kapena Google Sheets imachita ntchitoyi mosavuta: mzere wa dzina, wa kuchuluka, wa mtengo, wa yankho la kuchulukitsa, kenako muiuze isanje kuyambira chachikulu. Kope la masamu ndi kakyuleta zimagwiranso ntchito, kungoti zimatenga nthawi.

Mukagawa, ntchito yeniyeni ndi kusintha kasamalidwe. Katundu wa A muziwerenga sabata iliyonse, simenti ngakhale tsiku lililonse potseka, ndipo muziwerenga nokha n'kufananiza ndi zimene zalembedwa. Thumba limodzi likamasowa pa sabata, pakutha pa chaka ndi matumba 52, ndalama zake K1,300,000, pafupifupi ndalama zonse za gulu C. A muzioda pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo pa iyeyu ndi pomwe muyenera kulimbana ndi opikulitsa a ku Limbe pa mtengo. K500 yochotseredwa pa thumba la simenti ndi K300,000 pa chaka, kuposa ndalama zonse za maloko.

Kuti simenti isamakuthereni, ikani nambala yoodera. Tinene kuti m'chilimwe, anthu akamamanga atagulitsa thonje ndi chitowe, mumatulutsa matumba 20 pa sabata, ndipo kuchokera poimba foni kufika pamene lole yatsitsa katundu pamadutsa sabata imodzi. Matumba 20 ndi odya podikira lole, ena 20 ndi otchinjiriza ikachedwa. Ndiye matumba akangofika 40, odani tsiku lomwelo. Lembani nambalayo ndi choko pakhoma la sitolo kuti mnyamata wanu aziiona.

B muziwerenga kamodzi pa mwezi. C kamodzi pa miyezi itatu, ndipo musamutayire nthawi. Muikireni makatoni awiri: lina logulitsa, lina lomata. Tsiku lotsegula lomatalo ndilo tsiku lolemba pa mndandanda wa zokaoda. Maloko anu aunjikana chifukwa mumagula poona kuti ndi otchipa, osati poona kuti katoni yachiwiri yatsegulidwa.

Tsopano zimene zimaononga masamuwa, ndipo pano ndichedwapo chifukwa ndi pamene anthu amagwera.

Choyamba ndi mitengo yosakanikirana. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo yopikulira imasintha kangapo chaka chimodzi. Mukawerengera malata ndi mtengo wa chaka chatha pamene simenti mwaiwerengera ndi wa sabata ino, mndandanda utuluka wopotoka. Katundu yense muwerengereni ndi mtengo umene mungamupikulire lero, kuphatikizapo thiransipoti yotsitsira kuno kuchigwa. Musasakanize ndi mtengo wogulitsira. Samalaninso ndi miyeso: misomali mumapikula pa katoni koma mumagulitsa pa kilogalamu, ndiye sankhani muyeso umodzi. Malata a mamita osiyana ndi geji yosiyana ndi mitundu yosiyana, aliyense akhale ndi mzere wake.

Chachiwiri ndi chobisika. Ngati simenti inakutherani masabata asanu ndi limodzi chaka chatha, 600 ija ndi yochepa kuposa imene anthu ankafuna. Onjezeranipo zimene mukanagulitsa m'masabata amenewo. Katundu amene anatengedwa pangongole kapena kupita kunyumba kwanu alowenso m'masamu, chifukwa naye anatuluka pa shelefu.

Nyengo nayo imanamiza. Mankhwala a thonje ali mu B tikayang'ana chaka chonse, koma pafupifupi mabotolo onse 500 amatuluka thonje likakhala m'munda. M'miyezi imeneyo muwatenge ngati A, nyengo ikatha musaodenso. Kutentha kwa kuno mu October ndi November, kopitirira madigiri 40 masiku ena, kumafoola mankhwala osungidwa pansi pa denga la malata, ndipo botolo logona chaka limakumana ndi tsiku lake lothera ntchito.

Pali katundu wina wa ndalama zochepa amene ndimalimbikira kuti akwezedwe dala. Misomali ya malata ndi chitsanzo. Munthu wobwera ndi ngolo kudzagula malata 30 akapeza misomali yake mulibe, amapita kusitolo ina n'kukagula zonse komweko. Katundu wotere muikireni chizindikiro, asamathe ngakhale masamu atamuika mu C. Dziwaninso kuti ABC imakuuzani kumene mpamba wapita, siikuuzani kumene phindu likuchokera. Simenti ikhoza kukupatsani phindu lochepa pa thumba pamene mahinjesi akukupatsani theka la mtengo wake, choncho musachotse katundu m'sitolo chifukwa choti ali mu C. Wochotsa ndi amene sanatulukepo ngakhale chimodzi chaka chonse. Ameneyo tsitsani mtengo, ndalama ibwerere ku A.

Nkhani ya msewu ndi yathu ife a kuno. Namondwe Ana mu January 2022 anadula msewu wa M1 ku Chikwawa, ndipo Freddy mu March 2023 anaononganso misewu ndi milatho m'chigwa muno. Kuyambira December mpaka March sabata imodzi yodikira lole ikhoza kusanduka masabata atatu. Apa musangochulukitsa katundu yense wa A mofanana. Malata, misomali ndi mapepala apulasitiki ofolera onjezerani mvula isanayambe, chifukwa sizionongeka msanga zikasungidwa pouma ndipo zimafunika kwambiri madenga akasasuka. Simenti ayi. Imakoka chinyezi n'kuuma m'thumba, ndipo ikadutsa miyezi itatu mphamvu yake imayamba kutsika. Isungeni yochepa, pa matabwa okwera kuchoka pansi, yosagunda khoma, matumba osapitirira khumi kusanjikiza, ndipo akale azituluka atsopano asanakhudzidwe.

Masamuwa muziwabwereza kawiri pa chaka, mu April mvula ikatha ndi mu October isanayambe, komanso mitengo ikasintha kwambiri. Katundu watsopano amene alibe mbiri ya chaka mumuike mu B kwa miyezi itatu, kenako muchulukitse zimene watulutsa ka 4 kuti mudziwe gulu lake.