Zoona, mtovu unasanduka golide ku Geneva, koma nkhani yaikulu ili pa zidutswa

Achimwene a ku Bangula, mwafunsa ngati zili zoona zimene zikuyenda pa WhatsApp zoti asayansi a ku Ulaya asandutsa mtovu kukhala golide, komanso ngati kuphwanya maatomu kumene amachitako kuli kofanana ndi bomba la nyukiliya. Ndaona ena ayankha kale kuti ndi bodza la pa intaneti, ena akuti ndi matsenga a azungu. Ine ndimaphunzitsa Physics kuno ku Nchalo, ndiye mundilole nditalikitse, poti m'gulu muno muli ana asukulu ambiri amene akuwerenga mwakachetechete.

Nkhaniyo ndi yoona. Inalengezedwa mu May 2025 ndi gulu la ofufuza lotchedwa ALICE la ku CERN, malo aakulu ofufuzira za maatomu pafupi ndi mzinda wa Geneva. Koma kuti imveke, tiyambe ndi chimene chimachititsa golide kukhala golide. Pakati pa atomu iliyonse pali kaphata kakang'ono kwambiri kotchedwa nyukiliyasi, ndipo m'menemo muli mapulotoni ndi manyutuloni atagwirana zolimba. Chiwerengero cha mapulotoni ndicho chimatiuza kuti ichi n'chiyani. Akakhala 6 ndi kaboni, wa m'makala uja. Akakhala 26 ndi chitsulo, 79 ndi golide, 82 ndi mtovu, 92 ndi yureniyamu. Mwaona kale kuti mtovu ndi golide zimasiyana ndi mapulotoni atatu okha. Komabe moto wa ng'anjo, asidi kaya mankhwala alionse sangachotse pulotoni ngakhale imodzi, chifukwa zonsezo zimangothera pa maelekitironi, tizinthu tozungulira kunja kwa phata, phatalo osalifika n'komwe.

Ku CERN kuli makina otchedwa LHC, ngalande yozungulira ya makilomita 27 pansi pa nthaka m'malire a Switzerland ndi France. M'menemo amathamangitsa maphata a mtovu pa liwiro longotsala pang'onong'ono kufanana ndi la kuwala. Ena amawombana mutu ndi mutu, koma ambiri amangodutsana pafupi osakhudzana. Podutsanapo, mphamvu ya magetsi ya phata limodzi imagwedeza linzake mpaka kuyoyola manyutuloni angapo, nthawi zina ndi mapulotoni omwe. Ikachoka pulotoni imodzi mtovu wasanduka thallium, akachoka awiri ndi mercury, akachoka atatu ndi golide. A ALICE anawerengera kuti kuyambira 2015 mpaka 2018 kunapangidwa maphata a golide pafupifupi 86 biliyoni. Zikumveka zambiri, koma kulemera kwake konse ndi mapikogalamu 29, ndipo pikogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1 thililiyoni a galamu. Golideyo sanakhalitsenso: ankakamenya m'mbali mwa mapaipi a makinawo nthawi yomweyo n'kuswekanso. Ndiponso sikunali koyamba. Mu 1980, Glenn Seaborg ndi anzake ku Berkeley, California, anapanga maatomu ochepa a golide kuchokera ku bismuth, yomwe ili ndi mapulotoni 83.

Apa ndichonderere. Wina akabwera pa msika wa Ngabu kaya Nsanje n'kumati ali ndi mankhwala osandutsa mtovu wa m'mabatire akale kukhala golide, ameneyo ndi wakuba. Ndipo musasungunule mtovu pakhomo. Utsi ndi fumbi lake zimawononga ubongo wa ana, ndipo ubongo ukawonongeka choncho subwereranso mwakale.

Kwa ine golideyo ndi nkhani yaing'ono. Funso limene ladya zaka pafupifupi 50 za ofufuza ndi ili: maphata awiri olemera akawombana, amasweka bwanji, zidutswa zake zimatuluka zingati, zamtundu wanji, zolowera kuti? Ntchitoyi inakula pamene a ku Berkeley analumikiza makina awo awiri mu 1974 n'kupanga amodzi otchedwa Bevalac, omwe anagwira ntchito mpaka 1993. Amatenga atomu, kuichotsa maelekitironi kuti magetsi ndi maginito ziigwire, ndipo ikatero imatchedwa ayoni. Akatero amaithamangitsa n'kuiwombetsa pa kachitsulo kopyapyala. Maphatawo akagundana chapambali, mbali zokhudzanazo zimasengeka n'kumwazika zili zotentha koopsa, pomwe mbali yotsala ya phata lothamanga lija imapitiriza ulendo pafupifupi pa liwiro lomwe inabwera nalo. Mbali yotsalayi imakhala yovulala, ndiye imalavula manyutuloni, mapulotoni ndi timaphata ta helium mpaka itazizira. Kugundako kukakhala kolowa mkati kwambiri, phatalo silimangolavula tizidutswa, limaphwasukiratu kukhala zidutswa zingapo zokulirapo nthawi imodzi.

Palibe kamera imene ingajambule zimenezi, chifukwa kuwombanako kumatha m'kanthawi kochepa kuposa gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi. Chimene ofufuza amachita ndi kudikirira zidutswa kutsogolo n'kuzizindikira chimodzichimodzi. Maginito akuluakulu amakhotetsa njira ya chidutswa chilichonse malinga ndi kulemera, liwiro ndi magetsi ake. Zida ziwiri zotalikirana zimayeza nthawi imene chatenga kuchoka pa chida choyamba kufika pa chachiwiri. Chida china chimayeza mphamvu imene chidutswacho chasiya podutsa, ndipo apa pali lamulo lokoma: phata la mapulotoni 6 limasiya mphamvu yochuluka kuwirikiza 36 kuposa pulotoni imodzi yothamanga pa liwiro lomwelo. Mukaphatikiza miyezo imeneyi mumadziwa kuti chadutsachi ndi boron kapena beryllium, ndipo chili ndi manyutuloni angati. Akatero amabwereza mamiliyoni ambirimbiri. Ana anga a Fomu 4 amene amadana ndi kulemba matebulo ndi magilafu, ntchito ya asayansi akuluakulu ndi yomweyo, kungoti yawo ndi yaikulu.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri chinachitika ku GSI, malo ofufuzira a mu mzinda wa Darmstadt ku Germany. Mayi aliyense amadziwa kuti madzi akayamba kuwira m'poto, ngakhale musonkhezere nkhuni zambiri, satenthanso kuposa pamenepo. Kuno ku chigwa, poti malo athu ndi otsika pafupi kufanana ndi nyanja yamchere, amaima chapafupi ndi madigiri 100, ndipo moto wowonjezerawo umangothera kuwasandutsa nthunzi. Asayansi ankaganiza kalekale kuti phata la atomu lili ngati kadontho ka madzi, ndiye ankafuna kudziwa ngati nalonso limawira. Mu 1995 gulu la ofufuza la ku GSI lotchedwa ALADIN linafalitsa zotsatira za kuwombanitsa golide ndi golide pa liwiro la pafupifupi magawo 80 pa 100 a liwiro la kuwala. Kutentha kwa phata losweka anakuyeza poyerekeza kuchuluka kwa mitundu ya helium ndi lithium imene inatuluka. Anapeza kuti mphamvu ikamawonjezeka kutentha kumakwera, kenako kumaima kwa kanthawi pakati pa madigiri 50 ndi 60 biliyoni, kenako n'kuyambanso kukwera. Pakati pa dzuwa ndi madigiri 15 miliyoni okha. Panali mtsutso ndithu pa kayezedwe ka kutenthako, ndipo magulu ena, monga la INDRA ku GANIL mu mzinda wa Caen ku France, anachita miyezo yawoyawo. Mtsutso wotere ine ndimauona ngati umoyo wa sayansi. Kufunika kwake n'koti zinthu za m'phata zikatentha ndi kupanikizika chonchi zimapezeka m'nyenyezi zikamaphulika, ndipo kumeneko sitingapite kukayeza.

Kuswa maphata kunakhalanso njira yopangira mitundu ya maatomu imene kulibe m'nthaka. Mitundu yokhazikika, yosasintha yokha, ilipo pafupifupi 250, koma yodziwika lero ndi yoposa 3,000, ndipo yambiri mwa yatsopano inapezeka ngati zidutswa. Mu 1985 Isao Tanihata ndi anzake ku Bevalac anayeza kukula kwa lithium-11, ya mapulotoni 3 ndi manyutuloni 8, n'kupeza kuti ndi yaikulu kuposa mmene aliyense ankayembekezera. Pambuyo pake zinamveka kuti manyutuloni ake awiri amayendayenda kutali ndi anzawo. Mu 1994 ku GSI anapeza tin-100 poswa xenon-124. Lero ntchitoyi ikupitirira m'malo ofufuzira monga RIKEN ku Japan ndi FRIB ya Michigan State University ku America, yomwe inatsegulidwa mu 2022.

Mwina mukufunsa kuti ife tipindulapo chiyani. Ndiyambe ndi khansa, poti yatitengera abale ambiri. Cheza cha X-ray chimene zipatala zambiri zimagwiritsa ntchito chimalowa m'thupi n'kutulukira mbali ina, kuotcha chotupa pamodzi ndi mnofu wabwino wa m'njira. Maayoni a kaboni amachita mosiyana: amasiya mphamvu yochepa polowa, n'kukakhuthula yaikulu pamalo pamene aimira, ndipo madokotala angathe kusankha kuti aime mkati mwa chotupa. Chithandizochi chinayamba ku Chiba, Japan, mu 1994. Ku GSI anathandiza odwala oposa 400 kuyambira 1997 mpaka 2008, ndipo mu 2009 kunatsegulidwa malo ochizira ku Heidelberg, ku Germany komweko. Vuto lake ndi lomweli tikukambali. Kaboni akamadutsa m'mnofu amawombana ndi maphata a m'thupi, ena n'kusweka kukhala boron, beryllium, lithium, helium ndi mapulotoni. Chotupa chikakhala chakuya kwambiri, oposa theka la maayoniwo amasweka asanafike. Zidutswa zopepukazo siziima pamene kaboni waima, zimapitirira kuseri kwa chotupa, kumene mwina kuli mtsempha wa maso kapena ubongo. Ndiye kompyuta yokonza chithandizo iyenera kudziwa bwino lomwe kuti zidutswa zituluka zingati ndipo zifika pati, ndipo manambala amenewo amachokera kwa anthu oyeza zidutswa aja. Pali gulu la ofufuza lotchedwa FOOT, lotsogozedwa ndi a ku Italy, limene ntchito yake ndi kuyeza zimenezi. Zidutswa zina zimathandizanso: kaboni-11 amatulutsa cheza chimene makina ojambula m'thupi otchedwa PET amachiona, ndipo ku GSI ankachigwiritsa ntchito kutsimikizira pamene maayoni aima m'thupi la wodwala. Makina ochizira ndi kaboniwa ndi okwera mtengo kwambiri ndipo ali m'maiko ochepa. Zimandipweteka ndikaganiza za mtunda umene wodwala wa ku Makhanga amayenda kuti angopimidwa chabe, koma sindivomereza zoti chifukwa cha umphawi ana athu asadziwe mmene zinthuzi zimagwirira ntchito.

Kuswa maphata sikuchitika m'makina mokha. Mumlengalenga muli maphata othamanga kwambiri ochokera kutali, ena a chitsulo. Akamenya khoma la chombo cha m'mlengalenga amasweka, ndipo zidutswazo zimalowa mkati momwe muli anthu. N'chifukwa chake bungwe la NASA lili ndi malo oyesera ku Brookhaven, New York, kuyambira 2003, ndipo zapezeka kuti zinthu zokhala ndi haidrojeni wambiri, monga pulasitiki ndi madzi, zimateteza bwino kuposa aluminiyamu wolemera chimodzimodzi. Kwa alimi a thonje a ku Ngabu nali lanu: boron, imodzi mwa michere imene thonje limafuna pang'ono chabe kuti libereke bwino, sapangidwa kwenikweni mkati mwa nyenyezi ngati kaboni ndi okosijeni. Wambiri anapangidwa pamene maphata a kaboni ndi okosijeni ankasweka powombana mumlengalenga, dziko lathuli lisanakhaleko.

Tsopano za bomba. Zimene Otto Hahn ndi Fritz Strassmann anapeza ku Berlin mu December 1938, zomwe Lise Meitner ndi Otto Frisch anazitanthauzira, ndi zakuti yureniyamu ikamwa nyutuloni imagawika pawiri n'kutulutsa mphamvu pamodzi ndi manyutuloni ena awiri kapena atatu. Manyutuloni amenewo amakagawanso maphata ena, ndipo zimapitirira zokha. Bomba ndi malo opangira magetsi a nyukiliya zimadalira kupitirira kokhaku. M'makina owombanitsa maayoni mulibe zimenezi. Magetsi othamangitsira maayoni ndi ochuluka kutalitali kuposa mphamvu imene imatuluka, maphata osweka ndi ochepa kwambiri, ndipo mukazimitsa makina kuwombana kumathera pomwepo. Cheza chilipo ndithu, n'chifukwa chake malowo amazunguliridwa ndi makoma ochindikala a konkire ndipo munthu saloledwa kulowa makina akugwira ntchito. Yureniyamu ya ku Kayelekera ku Karonga imakumbidwa kuti ikagwire ntchito ya mtundu woyamba uja, yogawika pawiri m'malo opangira magetsi, ndipo nayonso siingaphulike mmene imatulukira mumgodi, chifukwa mtundu wake umene umagawika mosavuta, yureniyamu-235, ndi wosakwana gawo limodzi pa 100.