Masheya akwera, abambo akunyumba akuti tigulitse onse tigule minibasi

Imelo ya achemwali ena a ku Luchenza, mphunzitsi wa pulayimale, yandikhazika pansi sabata ino mpaka tiyi kuzizira m'kapu. Akuti anagula masheya a banki ina zaka zingapo zapitazo, pano mtengo wakwera kangapo, ndiye abambo akunyumba akuti agulitse onse agule minibasi yoyenda Limbe mpaka Muloza, pomwe iwo maganizo awo anali oti dividendi, gawo la phindu lomwe kampani imagawira eni masheya, idzawathandize akadzapuma ntchito. Agulitse onse, agulitseko pang'ono kapena angokhala phee?

Achemwali, mwandigunda pachilonda. Ine ndinagulitsapo masheya kawiri m'chaka chimodzi, ulendo woyamba sindinadandaulepo mpaka lero, wachiwiriwo umandiwawabe.

Ndinayamba kugula mu 2020, chaka chomwe nkhani ya masheya inafika mpaka m'magulu a WhatsApp a kuno kwathu chifukwa Airtel Malawi inalowa pa msika mu February pa K12.69 sheya imodzi, kenako FDH Bank mu August pa K10. Zisanachitike izi ine ndinkayesa Malawi Stock Exchange ndi ya mabwana a masuti a ku Blantyre okha, chonsecho NICO inalowapo kale mu 1996 ife tili ana. Ndalama yanga inali ya chipereganyu ndi ya nanazi zomwe ndinkapikula kupita nazo ku Limbe, ndinakwera minibasi pa Chitakale m'mawa kukuchita nkhungu, chiphaso cha unzika m'thumba la malaya, kukadzaza mafomu kwa buloka, amene amagulira ndi kugulitsira anthu masheya, kuti anditsegulire akaunti ya CSD yosungiramo masheyawo. Ndinabwerako manja ali lende opanda olo kathumba, mayi anga mpaka anandifunsa kuti nanga katundu wagulayo ali kuti.

Kenako namondwe wa Freddy, March 2023. Inu a ku Luchenza sindingakuuzeni zambiri, munaziona nokha. Kwa mayi khoma la kuchipinda linagwa usiku, malata anapindika ngati pepala, mbuzi ziwiri osazionanso. Sabata yotsatira ndinaimbira buloka kuti agulitse theka la masheya anga, patatha masiku angapo ndalama inalowa mu akaunti, ndinagula simenti ndi malata, mwezi usanathe mayi anagona m'nyumba mwawo. Masheya amenewo anakwerabe pambuyo pake koma sindinawerengepo kuti ndinaluza zingati, chifukwa ndalama ija inali ndi ntchito ndipo inaigwira.

Ulendo wachiwiri unali October chaka chomwecho. Panalibe vuto lililonse pakhomo, kungoti mtengo unakwera kwambiri ndiye mtima unayamba kuthamanga, anzanga pagulu akuti zafika pamwamba izi zigwa mawa, tulukani mudikire zitsike mudzagulenso motchipa. Ndinagulitsa otsala onse, ndalama nkuikhazika mu akaunti ya savings kudikira tsiku lotsikalo. Mu November Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola kuchoka pafupifupi K1,180 kufika K1,700, thumba la simenti lomwe ndinkalidziwa mtengo wake linasintha ndikuona, feteleza chimodzimodzi, sopo, mafuta ophikira. Ndalama yanga mu akaunti manambala anali omwewo koma itafooka ngati masamba a tiyi ogonera m'dengu. Ndipo masheya aja sanatsike ayi. Msika wonse unatseka 2023 utakwera pafupifupi 79 peresenti, mu 2024 unawonjezeranso pafupifupi 55. Nditabwerera kukagula, ndalama yomweyo inandipatsa masheya ochepa kwambiri kusiyana ndi amene ndinagulitsa, ndipo dividendi ya pakatipo inapita kwa amene anandigula.

Ndiye mukandifunsa zogulitsa chifukwa choti zakwera basi, ine ndikukana, ndipo ndikukana kwamtuwagalu. Kuno kwathu ndalama yongokhala si malo obisalako, imasungunuka, mu 2024 zinthu zinakwera mitengo ndi 30 peresenti kuposerapo, ndipo musaiwale kuti mu May 2022 kwacha inali itagwetsedwanso kale ndi 25 peresenti. Munthu amene akugulitsa masheya asanadziwe komwe ndalamayo ikupita ndiye kuti wasankha kale kuisiya mu kwacha.

Bambo anga anagwira ntchito pa esiteti ya tiyi zaka zambiri, kuyambira kuthyola mpaka ukapitawo, ndipo ndili mwana ndinkawaperekeza nthawi zina ndikakhala pa holide. Chimene chinkandidabwitsa nchoti othyola amangotenga timasamba tiwiri ndi kansonga, basi, chitsamba chonse kuchisiya, pakapita masiku ochepa abweranso pamzere womwewo apezanso tina tatuluka. Pakatha zaka zingapo amachidulira ndithu mpaka kuoneka ngati chafa, koma palibe amene amachizula chifukwa choti chaka chino chabereka bwino. Zitsamba zina pa mindayi nzakale kuposa agogo anga. Bambo omwewo amene ankadziwa bwino zimenezi, atalandira ndalama zawo zopumira ntchito anazitenga zonse pakamodzi, njinga, wailesi, ngongole kwa achibale zomwe sizinabwerere, kagolosale kamene kanatha ndi ngongole za anthu a m'mudzi, zaka ziwiri zisanathe anali akudikira ife ana. Sindikuwanena, panalibe amene anawaonetsa njira ina, nthawi imeneyo kunalibe wopita ku esiteti kukafotokoza za masheya, ndipo mpaka pano ndimaona kuti mabuloka athu amathera ku Blantyre ndi Lilongwe pomwe alimi a tiyi ang'onoang'ono kuno amalandira ndalama mwezi ndi mwezi nkumaithera kwa akatapila. Nkhani imeneyi imandipsetsa mtima, ndidzailemba payokha.

Koma abambo akunyumba musawaone ngati akulankhula zopanda mutu. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo phindu la pa sikirini ya foni simunalidye. Masheya amatsika ndithu, msika wathu ndi waung'ono, mu 2024 makampani ake anali 16 okha, masiku ena mumafuna kugulitsa wogula osapezeka, masiku ena mumafuna kugula wogulitsa kulibe. Komanso inu zonse mwaika mu banki imodzi. Ife a Thyolo ndi Mulanje tikudziwa zomwe zinachitika ndi nthochi, mabanja ankaphunzitsa ana ndi nthochi zokha, malole kudzaza kupita m'tauni, matenda a chisaka atabwera minda yonse inatha ndipo anapulumuka ndi amene anali ndi chinangwa, nandolo kapena mapeyala pambali. Mabanki athu phindu lawo lalikulu likuchokera pobwereketsa boma pa chiwongoladzanja chokwera, zimenezo zikadzasintha phindu lisinthanso, dividendi nayo. Ndiye mantha a abambo ali ndi pogwira, kungoti mankhwala awo ndi amene sindikugwirizana nawo. Minibasi si chuma chongokhala, ndi ntchito yachiwiri, imafuna mwini wake akhale pa depoti, dalaivala ndi kondakitala aziwerengedwa madzulo aliwonse, masipeya amagulidwa ndi dola, mafuta akasowa imagona pa mzere pa filing'i sitesheni masiku awiri osapanga olo K100. Inu muli m'kalasi kuyambira m'mawa, adzaiyang'anira ndani? Ngati abambo ndi amene adzakhale nayo tsiku ndi tsiku ndipo ntchitoyo amaidziwa, imeneyo ndi nkhani ina, koma olo zitatero osati ndi masheya onse.

Pali kanthu kena komwe ambiri amasokoneza pa dividendi. Tiyerekeze munagula sheya pa K10, pano ili pa K100, kampani ikupereka K2 pa sheya pachaka. Mukawerengera pa mtengo munagulira ndi 20 peresenti, zokoma, koma pa mtengo wa lero ndi 2 peresenti yokha, kutanthauza kuti masheya a K3 miliyoni akukupatsani K60,000 pachaka, achotsepo msonkho wa 10 peresenti mutsale ndi K54,000. Posankha zochita lero werengerani pa mtengo wa lero, chifukwa ndalama yomwe mungatenge mutagulitsa ndi imeneyo. Apa ndi pamene kugulitsako pang'ono kumakhala ndi nzeru, ngati mwaona kampani ina yomwe ikupereka zambiri pa kwacha iliyonse, kapena ya mtundu wina, ya shuga ngati Illovo, ya mafoni ngati TNM ndi Airtel, ya nyumba ngati MPICO ndi ICON, kapena NITL ndi Press Corporation zomwe zili kale ndi masheya m'makampani angapo. Sindikukusankhirani, werengani malipoti awo a pachaka muone ngati phindu likukula komanso ngati akhala akupereka dividendi mosadukiza, poti kampani ikhoza kudumpha chaka osapereka kanthu ndipo palibe lamulo loikakamiza.

Ndiye muchite chiyani

Ndikanakhala ine ndikanagulitsa gawo limodzi mwa magawo anayi, osapitirira apo, ndipo ndisanaimbire buloka ndikanalemba papepala komwe kwacha iliyonse ikupita, ina ku kampani ziwiri zomwe si mabanki, ina pang'ono ya mwadzidzidzi kuti tsoka likadzagwa musadzagulitse mokakamizika. Funsani komishoni ndi msonkho wa pogulitsa musanasaine, chifukwa mumalipira pogulitsa ndi pogulanso. Yang'anani tsiku lotseka kaundula wa dividendi, mukagulitsa lisanafike ndalamayo ipita kwa wogula. Dividendi ikalowa, kaya ya pakati pa chaka kaya yomaliza, musaisakanize ndi salale, ine ndinatsegula akaunti ina ya iyo yokha ndipo ikakwana ndimagula masheya ena, pomwe mukugwirabe ntchito ino ndi nthawi yake.

Za minibasi khalani pansi awiri madzulo ana atagona, foni ndi kope patebulo, abambo alembe ndalama zomwe akuyembekeza kulandira pa sabata atachotsa mafuta, dalaivala, matayala, inshuwalansi ndi masiku ogona ku galaja, inu mulembe zanu za dividendi. Mukamaliza munditumizire manambalawo tidzawaonere limodzi.