Makurso a pa feriya sakudzadza, tiwonjezere zotsatsa?

Mayi wina amene amagwira ntchito ku ofesi yolembetsa ophunzira pa yunivesite ina kuno ku Tete wanditumizira imelo. Mwachidule akuti: "Tinayambitsa makurso afupiafupi a pa feriya, tchuthi cha Disembala ndi Januwale, tinamata mapepala m'tauni monse, pa Facebook tinaikanso, koma anabwera anthu owerengeka. Abwana akuti chaka chino tiwonjezere ndalama zotsatsira. Inu mukuona bwanji?"

Achemwali, ndalamazo zisungeni kaye. Ine sindikukhulupirira kuti anthu sanamve. Anamva, anawerenga pepala lanu ali pa siteji kudikira shapa (minibasi), kenako anadzifunsa kuti kodi ndisiye zonse za Disembala chifukwa cha ichi? Yankho linali ayi. Mukamata mapepala ena ambiri yankho likhalabe lomwelo, chifukwa pepala lanu likunena zomwe sukulu ikugulitsa, silikukhudza chimene chikumusowetsa tulo wophunzirayo.

Taganizani kaye za miyezi imeneyi. Disembala ndi Januwale ndi dzinja, mvula ili pakati, mwana wa ku Angónia, Tsangano kapena Macanga akangotseka sukulu kwawo akumudikira ndi khasu, kupalira, kubandira, kuthira feteleza, ena fodya ali m'munda. Ndiyenso nthawi imene m'thumba mulibe kanthu, ndalama zapita ku mbewu ndi feteleza, za Khirisimasi zadya zotsalazo, Januwale akubwera ndi matirikula (kulembetsa sukulu) a ana aang'ono, mayunifomu, makope. Ndiye inu mukumuuza kuti atsale mu mzinda wa Tete ndi kutentha kuja, alipire lendi ya chipinda, adye, alipirenso propina (fizi) ya kurso. Mtengo weniweni wa kurso yanu si umene munalemba pa pepala ayi, ndi zonsezi kuphatikiza pamodzi.

Komabe alipo amene angalolere kulipira zonsezo, bola chifukwa chake chikhale cholemera. Amene ndimamuganizira kwambiri ndi uja ali ndi kadera (phunziro la ku yunivesite) imene yamukanika, anzake akupita chaka chotsatira iye akubwereza, kunyumba sananene n'komwe. Ameneyu safuna kumva za "kukulitsa luso" ayi, akufuna kudziwa chinthu chimodzi basi: ndikabwera, kadera imeneyi ndithana nayo? Ngati malamulo a sukulu yanu akulola kuti kurso ya pa feriya iwerengedwe, lembani zimenezo ndi zilembo zikuluzikulu. Ngati sakulola, nenaninso poyera kuti ndi yongokonzekeretsa, musamusiye akuganizira yekha, akadzazindikira mochedwa adzauza kalasi yonse kuti munamudyera ndalama. Ndipo ameneyu ali ndi manyazi, sangafunse pa komenti anthu akuona, mupatseni nambala ya WhatsApp ya ofesi yoti alembe payekha.

Wina ndi uja wamaliza makadera onse koma monogarafiya (kafukufuku wolemba pomaliza digiri) yaima chaka chathunthu, sakudziwa poyambira, Excel samutha, aphunzitsi omuyang'anira sapezeka. Masabata atatu okhala pansi ndi munthu womuthandiza kulemba, ameneyu angagulitse mbuzi.

Palinso nkhani ya chiyankhulo, imene masukulu ambiri amaiona mbali imodzi. Inde Chingerezi chili ndi msika, chigawo chathu chazunguliridwa ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, malonda akudutsa pa Zóbuè, Calómuè ndi Cassacatiza tsiku ndi tsiku, komanso mgodi wa malasha ku Moatize umene kampani ya Vale inagulitsa kwa kampani ya Vulcan mu 2022 umakopa achinyamata ofuna esitajiyo (kuphunzira ntchito pa kampani). Koma mbali inayo ndi Chipwitikizi cholemba. Mabanja ambiri a m'malire muno anakhala ku Malawi nthawi ya nkhondo, ena anabwerera pambuyo pa mtendere wa 1992, kunyumba timayankhula Chichewa, ndiye mwana amafika ku yunivesite mutu uli bwinobwino koma kulemba lipoti m'Chipwitikizi kumamugwetsa. Sadzabwera pa ofesi kudzanena zimenezi, koma mukatsegula kurso yake n'kuitchula dzina laulemu, mudzaona.

Osaiwalanso omaliza kalasi 12 amene akukonzekera mayeso olowera ku yunivesite kumayambiriro kwa chaka, ndi aphunzitsi a m'maboma amene feriya ndi nthawi yokhayo yomwe ali ndi mpata.

Mwaona kuti anthu onsewa simungawaitane ndi pepala limodzi. Ndiye musanasindikize kalikonse, afunseni. Sindikunena fomu ya pa intaneti ya mafunso ambirimbiri, megabayiti ndi ndalama, adzangodina mwachisawawa kuti ithe. Khalani nawo pa kantini, asanu kapena asanu ndi mmodzi, abwana palibe, muwafunse kuti feriya yathayi munali kuti, munkatani, ndani amakulipirirani sukulu. Funso loti "mungakonde kurso yanji" lisiyeni, aliyense adzakuyankhani zokusangalatsani. Imbiraninso amene anafunsa mtengo chaka chatha koma osabwera, amenewo ndiye ali ndi yankho lanu lenileni. Ochepa amene anabwera aja afunseni kuti anamva kwa ndani, ndikukayika ngati ambiri adzatchule Facebook, nkhani zotere zimayenda ndi shefi wa turuma (mtsogoleri wa kalasi) m'magulupu a kalasi.

Funso la amene amalipira lija ndi lalikulu. Nthawi zambiri si wophunzirayo, ndi bambo, amalume, kapena mlongo wake amene ali pa ntchito ku Moatize kapena ku Songo. Munthu ameneyo sali pa peji yanu. Amamvera wailesi ya m'dera, amamva zolengeza ku tchalitchi, ndipo akufuna amve m'chiyankhulo chake kuti setifikado imeneyi imuthandiza chiyani mwanayu. Komanso ndalama amakhala nazo pa nthawi yokolola, akagulitsa fodya, soya, chimanga kapena mbatatesi, osati mu Novembala pamene inu mumayamba kulengeza. Tsegulani kalembera kuyambira Juni, anthu azilipira pang'onopang'ono pa M-Pesa kapena e-Mola, pofika Disembala atsale ndi zochepa. Munthu amene waponyapo kale kenakake sabwerera m'mbuyo msanga.

Mwina mukafunsa mudzapeza kuti vuto ndi malo. Ngati ambiri akubwerera kumapiri, bwanji kurso ina osakaichitira ku Ulónguè, kumene kuli kale ophunzira a zaulimi a yunivesite ya UniZambeze, kukuzizira bwino, ndipo ambiri angagone kwa abale? Kapena muifupikitse ikhale ya masabata awiri Khirisimasi isanafike, anthu akapalire mtima uli m'malo.

Kwa abwana musapite ndi mawu oti kutsatsa sikuthandiza, sangakumvereni. Pemphani mwezi umodzi ndi kandalama kochepa ka mayunitsi ndi zakumwa za ophunzira amene mukacheze nawo, mubwere ndi zomwe anena zolembedwa m'mawu awo omwe, kenako musankhe makurso awiri okha amene afunidwa kwambiri. Enawo ayambe adikira chaka china.