Kope langa linapsa pa mbaula, ndakatulo za Akhmatova zinapulumukira m'mitu ya anthu

Asisi, pofunsa zoti muwaonetse amuna anu ndakatulo zanuzo kapena ayi, mwanditokosa chilonda. Ine ndinaonetsa. Kope lonse, zaka zinayi ndikulembamo usiku ana akagona. Bambo aja anapeza imodzi yolira malemu achimwene anga basi akuti ndikulembera chibwenzi, ndinali pa mbaula ndikuphika nsima, anayamba kung'amba tsamba limodzilimodzi nkumaponya pa makala, ine chiimire mthiko uli m'manja, mwana kumsana akulira, apongozi ali pa mkeka phee kuonerera, mpaka anati mkazi wapabanja salemba zachibwana. Nsima inapserera, ndinapakulabe anthu nkudya. Mpaka lero fungo la pepala lopsa limandidwalitsa mutu. Munthu wosawerenga nkomwe, nsanje yokhayokha!

Nchifukwa chake Anna Akhmatova, mlakatuli wa ku Russia, ndimamumva mumtima. Mwamuna wake woyamba, Nikolai Gumilev, anaomberedwa mu 1921, mwana wawo Lev anamangidwa mu 1938 nthawi ya ulamuliro wankhanza wa Stalin, mayiyu nkukhala miyezi 17 akuima pamzere kunja kwa ndende mumzinda wa Leningrad limodzi ndi azimayi anzake. M'menemo ndi momwe munatuluka ndakatulo zake zotchedwa Requiem. Kusunga pepala kunali kuika moyo wa mwana pachiswe, ndiye ankalemba pakapepala, nkupatsa mnzake Lydia Chukovskaya, Lydiayo nkuloweza mwakachetechete, kenako machesi, pepala lija nkupsa. Amaotcha yekha koma mawu atasamukira kale m'mutu mwa wina. Zinkatheka chifukwa mizere yake ndi yaifupi, mawu wamba, kayendedwe kake kokhazikika komanso mathero a mizere amamveka mofanana, ukagwira mzere umodzi umakoka unzake. Mu 1946 anamuchotsa m'bungwe la alembi, Requiem inasindikizidwa ku Munich ku Germany mu 1963, kwawo inadikira mpaka 1987, Akhmatova atamwalira kale mu 1966.

Ine zanga zinali zazitali zopanda kamvekedwe, ndinatsala nazo ziwiri zokha m'mutu.

Ndiye asisi musaonetse munthu mwachisawawa, ngakhale mnzanu wapamtima, anthu ndi oipa. Komabe pezani mmodzi woti muzimuwerengera mokweza mpaka aloweze. Jambulaninso masamba onse pa foni, mudzitumizire pa email lero lomwe, kenako ngati mtima ukufunabe, aonetseni bambowo imodzi yokha muone nkhope yawo.